Khamu likamakokera nyimbo m'mbuyo: lipoti la konsati ya pabwalo ku Mumbai

Chizindikiro choyamba chinaoneka pa nyimbo yachinayi ya usiku woyamba. Woimba wamkazi atafika pa mukhda, mizere yoyambirira ya nyimbo imene imabwerezedwa ngati kolasi, analozetsa maikolofoni kwa anthu kuti alandire. Analandiradi ndi mphamvu, bwalo lonse, ena akuomba m'manja. Koma pobwereza kachiwiri, woimba madiramu ndi woimba tabla, ng'oma ziwiri za ku India zoimbidwa ndi zala, anali asakugundiranso pamodzi. Pobwereza kachitatu, mavayolini ojambuliratu amene ankachokera pa laputopu analowa vesi yotsatira woimbayo asanamalize mzere wake. Woimba kiyibodi anazimitsa laputopu ija nyimbo ili pakati, ndipo gulu linamaliza ndi zida zamanja zokha. Anthu ambiri m'bwalomo sanadziwe kuti chinachake chalakwika, koma aliyense amene anali pasiteji anadziwa, ndipo vutoli linabwereranso pa nyimbo zina zisanu usiku womwewo.

Lipotili ndi la amisiri a zokuzira mawu, otsogolera magulu oimba ndi okonza makonsati a panja. Oimba, kampani yokonza ndi bwalo lenilenilo sizitchulidwa mayina.

Malo, anthu ndi zida

Konsatiyi inali ya masiku awiri otsatizana, Loweruka ndi Lamlungu, m'nyengo ya pakati pa Novembala ndi Febuluwale, pamene mvula ya monsoon imakhala itatha ndipo zoimbaimba zambiri za panja ku Mumbai zimachitika. Kuchokera kutsogolo kwa siteji kukafika pa mpanda wakumbuyo panali mamita 110. Miksa yaikulu, makina osakanizira mawu opita kwa anthu, inali pa mamita 40. Pa mamita 55 panali nsanja ziwiri za masipika othandizira anthu akumbuyo. Mbali zonse ziwiri za siteji kunali masikirini oonetsa nkhope za oimba ndi mawu a nyimbo. Kuseri kwa mpanda wakumbuyo kunali msewu, ndipo patsidya pake nyumba zosanjikizana zokhalamo anthu.

Oimba pakamwa anali awiri, mwamuna ndi mkazi. Zida zinali madiramu, gitala ya besi, gitala, makiyibodi awiri, chitoliro cha nsungwi chotchedwa bansuri, harmonium (kakiyibodi kopopera mpweya ndi dzanja), tabla ndi dholak, ng'oma ya mitu iwiri imene imaimbidwa itagona pamiyendo. Mwa nyimbo 18 za pulogalamu, 9 zinali ndi mawu ojambuliratu pa laputopu, ndipo zinkayenda ndi kiliki, kaphokoso kosunga liwiro kamene kamamveka m'makutu mwa oimba okha. Kilikiyo ankaimva anthu awiri basi: wa madiramu ndi wa kiyibodi yoyamba. Oimba pakamwa anali ndi timahedifoni ta m'makutu. Wa tabla ndi wa dholak, akuluakulu ophunzira mwambo wakale wa nyimbo za kumpoto kwa India wotchedwa Hindustani, ankamvera pa masipika a pansi oikidwa patsogolo pawo.

Nyimbo zinali za m'mafilimu a Chihindi, ndi ziwiri zoimbidwa mwa mtundu wa qawwali, umene maziko ake ndi kuomba m'manja ndi kupolokezana. Khamu la nyimbo zotere silidikira kupemphedwa. Anthuwa anakula akusewera antakshari paukwati, m'basi ndi m'sitima, masewera amene gulu limodzi limaimba chiyambi cha nyimbo ndipo lina limayambitsa ina ndi chilembo chimene inathera yoyambayo. Zotsatira zake n'zakuti pafupifupi aliyense amadziwa mukhda ya nyimbo zambirimbiri, koma owerengeka okha ndi amene amadziwa antara, mavesi a m'kati. Mfundo imeneyi inadzakhala yofunika pa tsiku lachiwiri.

Panalinso lamulo. Malamulo a dziko la India oletsa phokoso, a chaka cha 2000, salola zokuzira mawu panja kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Boma la dera likhoza kulola mpaka pakati pa usiku pa zikondwerero za chikhalidwe kapena za chipembedzo, koma masiku osapitirira 15 pa chaka, ndipo masiku athu sanali m'gulu limenelo. Malamulowo amaikanso malire a phokoso pa mpanda wa malo ochitirapo msonkhano: lisapitirire ndi 10 dB(A) (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) mlingo wololedwa m'deralo, kapena lisadutse 75 dB(A), potengera chimene chili chotsika pa ziwirizi. Pa bwaloli malire anali 75.

Zimene tinachita usiku woyamba

Tinachita zinthu zitatu, ndipo zonse zinakulitsa vuto.

Choyamba, msiri wa pamiksa yaikulu anaganiza kuti akumbuyo akuchedwa chifukwa sakumva bwino, ndiye anakweza masipika akutsogolo ndi 3 dB. Akumbuyo anamvadi mokweza, koma anapitiriza kumveka mochedwa chimodzimodzi. Chimene chinasintha ndi mita yoyezera phokoso ya pa mpanda, imene inayamba kudutsa 75 nthawi iliyonse imene khamu lalowa. Mawu a anthu masauzande alibe batani loti munthu n'kutsitsa. Amangoonjezera pa zimene masipika akutulutsa kale.

Chachiwiri, woimba wamkazi anagwira khutu n'kuloza anthu, kusonyeza kuti akufuna kuwamva kwambiri. Msiri wa mamonita, amene amayendetsa zimene oimba amamva pasiteji, anamukwezera maikolofoni awiri omvera khamu. Pempholi ndi lomveka, chifukwa timahedifoni ta m'makutu timamutsekera woimba m'kachipinda kakekake, ndipo popanda mawu a anthu amamva ngati akuimbira khoma. Cholakwika chinali malo amene maikolofoniwo anali, monga tidzaonera.

Chachitatu, pofuna kuti mawu a khamu amveke okha, mtsogoleri wa gulu ankapereka chizindikiro choti zida zonse zikhale chete pamene anthu alandira. Kwa masekondi anayi kapena asanu oyamba zinkakoma kwabasi. Kenako chigawo chilichonse cha bwalo chinkayamba kutsatira oyandikana nacho. Anthu a m'khamu oimba pakamwa ankatsika liwiro n'kutsikanso kiyi pang'onopang'ono, pamene oomba m'manja ankafulumira. Zida zikamalowanso, panalibe malo amodzi oti n'kulowerapo.

Nthawi nayo inatha osaizindikira. Kuimba kwa khamu kunachitika pa nyimbo zisanu ndi zitatu, ndipo paliponse kunkatenga mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri zimene sizinali pa pepala la pulogalamu. Pofika 10 koloko nyimbo ziwiri zinali zisanaimbidwe. Wapolisi anaima m'mbali mwa siteji, masipika anazimitsidwa, ndipo nyimbo imene anthu ambiri anagulira matikiti sinaimbidwe.

Kufufuza kwa m'mawa mwake

Anthu ambiri pagulu ankaloza nsanja za pakati, kuti mwina mawu ake, amene amachedwetsedwa dala kuti afike limodzi ndi ochokera kutsogolo, sanachedwetsedwe moyenera. Tinayamba ndi zimenezo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi mpweya ukakhala pa madigiri 20, ndipo amafulumira ndi mamita 0.6 pa digiri iliyonse yoonjezera. Pa madigiri 28, kutentha kwa madzulo a tsikulo, amayenda mamita 348 pa sekondi. Mamita 55 ndiye ndi mamilisekondi 158 (sekondi imodzi ndi mamilisekondi 1,000). Nsanjazo zinali pa 170, kutanthauza 158 ndi ena 12 oonjezera dala kuti khutu lizimva ngati mawu akuchokera kusiteji, osati pa nsanja. Titayesa ndi maikolofoni yoyezera, zinali ndendende. Ena anati mwina kuzizira kwa usiku kunasokoneza, popeza tinayeza masana kukutentha. Kusiyana kwa madigiri 33 ndi 27 pa mtunda umenewo sikufika mamilisekondi awiri. Nsanja zinalibe mlandu.

Yankho linapezeka pa zimene tinajambula. Chida chilichonse chinajambulidwa pa mzere wake, pamodzi ndi kiliki ndi maikolofoni a khamu. Titaika mizereyo pamodzi pa kompyuta, zonse zinaoneka ndi maso.

Nyimbo yachinayi ija ili mu keherwa, tala (kagundidwe ka ng'oma kozungulira) ya matra (zigawo zofanana za nthawi) zisanu ndi zitatu imene nyimbo zambiri za m'mafilimu zimayendamo, ndipo oimba ng'oma amazitchula motere: dha ge na ti, na ka dhi na. Matra yoyamba, yotchedwa sam, ndi pamene aliyense amakumana. Liwiro linali kugunda 100 pa mphindi, ndiye kugunda kumodzi ndi mamilisekondi 600, matra imodzi ndi 300. Munthu woima pa mamita 55 amamva sam patapita mamilisekondi 158. Akaomba m'manja nthawi yomweyo, osachedwa ngakhale pang'ono, kuomba kwakeko kumatenga mamilisekondi ena 158 kuti kufike kusiteji. Zonse pamodzi ndi 316, kutanthauza matra yathunthu. Wa pa mpanda wakumbuyo, pa mamita 110, amamva patapita 316 ndipo amamveka kusiteji patapita 632, matra ziwiri. Wa tabla akamamenya dha, m'manja mwa anthu a pakati mumamufikira pa ge, ndipo mwa akumbuyo pa na.

Apa ndi pamene amisiri ambiri amasokonekera, ndipo mpofunika kuimapo. Palibe munthu m'bwalomo amene ankaimba mochedwa. Aliyense ankaimba pa nthawi yeniyeni ya zimene khutu lake linkamva. Kuonjezera apo, munthu wakumbuyo amamva zonse zili bwinobwino, chifukwa mawu a anthu amene ali kutsogolo kwake amayenda ulendo umodzi ndi mawu a masipika n'kumufikira limodzi. Amene amamva chisokonezo ndi wakutsogolo: mawu a amene ali kumbuyo kwake amamufika atayenda ulendo wopita ndi wobwerera. Choncho pabwalo lonse, malo oipitsitsa oweruzirapo ngati khamu likusunga nthawi ndi pasiteji, ndipo m'pamene pamakhala anthu amene ali ndi mphamvu yosintha liwiro.

Nsanja za pakati sizichotsa kuchedwaku. Ntchito yake ndi kukusunga, kuti mawu a pa nsanja agwirizane ndi ochokera kutsogolo. Wina anapereka ganizo loti tichotse kuchedwetsa pa nsanjazo kuti akumbuyo azimva msanga. Tinakana. Akanamva mawu aliwonse kawiri, a pa nsanja kenako a kutsogolo patapita mamilisekondi 158, ndipo mawu a nyimbo sakanamvekanso.

Chotsatira chinali maikolofoni a khamu. Amene ankajambula konsatiyo anawaika pamiksa yaikulu, pa mamita 40, chifukwa m'pamene khamu limamveka lalikulu. Msiri wa mamonita anangotenga omwewo n'kuwatumiza m'makutu mwa oimba. Ndiye woimba wamkazi ankamva mawu akeake kawiri, achiwiriwo atachedwa mamilisekondi 115 potuluka m'masipika kukafika pamiksa. Ankamvanso anthu oyandikira miksayo atachedwa chimodzimodzi, ndi akumbuyo kwake atachedwa koposa. Munthu akamamva mawu ake akubwerera mochedwa chotere amayamba kukoka mawu mosadziwa, ndipo akamamvanso khamu lili kumbuyo kwake amalidikira. Iye akadikira, khamu limamva mochedwa n'kuchedweranso. Mukhda iliyonse inkatha pa liwiro lotsika kuposa limene inayambira.

Chomaliza ndi chimene chinagawa gulu pawiri. Mu mwambo wa Hindustani, woimba tabla amaphunzira kuperekeza woimba pakamwa, kumvera kupuma kwake ndi kumulandira pa sam kulikonse kumene wafikira. Ndi luso lake lalikulu. Woimbayo atatsika liwiro, wa tabla anatsika naye, wa dholak n'kutsatira mnzake. Wa madiramu, kiliki ili m'khutu, anakhala pomwepo, monganso anaphunzitsidwira. Onse awiri anachita zolondola malinga ndi sukulu zawo, ndipo palibe amene anawakhazika pansi pokonzekera kuti agwirizane amene adzagwire nthawi khamu likalowa. Pa kuyeserera kwa masana bwalo linali lopanda anthu, ndiye funsoli silinabuke n'komwe.

Zimene tinasankha, ndi zifukwa zake

Maikolofoni a pamiksa anachotsedwa m'makutu mwa oimba, n'kusiyidwira ojambula okha. M'malo mwake tinaika ena awiri, a mtundu womva kutsogolo kokha, m'mphepete mwa siteji kumanzere ndi kumanja, olozetsedwa pa mizere yoyambirira. Anthu a pa mamita 5 mpaka 10 amabweza mawu patapita mamilisekondi 30 mpaka 60, kuchedwa kumene woimba amapirira bwinobwino. Tinadula mawu onse a pansi pa 200 Hz kuti kugunda kwa masipika a besi kusalowemo. Msiri wa mamonita anauzidwa kuti dzanja lake lisachoke pa batani la maikolofoniwa: kukweza pakati pa nyimbo ndi pamene woimba akulankhula ndi anthu, kutsitsa kwambiri pa mavesi, kukweza pang'ono chabe pamene khamu lalandira.

Nkhani ya wa tabla inafunika ulemu. Sanafune kiliki, ndipo chifukwa chake chinali chomveka: anati kamakina sikapuma, ndipo iye zaka zake zonse wakhala akumvera munthu. Mtsogoleri wa gulu sanamukakamize. Anamuonetsa mizere ija pa kompyuta, kuti aone yekha pamene dha yake inachoka pa nthawi ndi chimene chinaikoka. Anagwirizana zinthu ziwiri. M'sipika yake ya pansi tinamuikira ng'oma yaikulu ya madiramu ndi manjira, timbale tating'ono tachitsulo timene woimba kiyibodi yachiwiri ankaomba motsatira kiliki, imene tsopano naye ankaimva. Motero nthawi inkamufikira kudzera m'dzanja la munthu. Ndipo pa zigawo zoimba khamu zokha, woimba pakamwa ndiye azitsatira dholak ndi tabla, osati izo kutsatira iye. Kwina konse mwambo unakhala momwe unalili.

Kuzimitsa zida zonse kunaletsedwa. Khamu likalandira, zotsala ndi zinayi: ng'oma za dholak ndi tabla, besi yogunda pa sam iliyonse, harmonium yogwira Sa, mawu a maziko amene kiyi yonse yakhazikikapo, ndi bansuri yoimba nyimboyo motsika. Dholak inasunga nthawi, Sa inaletsa kutsika kwa kiyi, bansuri inakumbutsa oiwala njira ya nyimbo. Zinayi zimenezi tinazikweza pang'ono pa nsanja za pakati, chifukwa akumbuyo ndi amene amataya njira msanga. Mawu a woimba ankatsitsidwa ndi 6 dB koma osazimitsidwa. Masipika akutsogolo anabwerera pa mlingo wakale, n'kutsikanso ndi 2 dB, kuti mawu a anthu akhale ndi malo pansi pa malire a 75.

Laputopu inakonzedwanso. Pa nyimbo zosankhidwa, chigawo cha mukhda chinaikidwa kuti chizizungulira, kiliki ikumveka koma mavayolini atachotsedwa, mpaka woimba kiyibodi ataponda batani lopitira kutsogolo. Batanilo limagwira pa sam yotsatira, osati pamene lapondedwa.

Tinachepetsa kuimba kwa khamu kokonzeratu kufika pa nyimbo zinayi. Ena anadandaula, ndipo dandaulo lawo linali ndi mfundo, chifukwa kuimba pamodzi n'kumene anthu amakumbukira akapita kwawo. Koma masamu ake ndi osavuta. Keherwa imodzi pa liwiro lija ndi masekondi 2.4. Mukhda ya maulendo asanu ndi atatu ndi masekondi 19. Kubwereza katatu ndi pafupifupi mphindi imodzi, ndipo ndi kulankhula kwa woimba ndi kuomba m'manja kwa pamapeto zimafika mphindi ziwiri. Nyimbo zinayi ndi mphindi zisanu ndi zitatu, ndipo zinalembedwa pa pepala la pulogalamu ngati nyimbo zina ziwiri. Nyimbo imodzi yosatchuka kwambiri inachotsedwa. Wotchi yaikulu inaikidwa pansi patsogolo pa oimba, ndipo nyimbo yotchuka ija inasunthidwa kukhala yachitatu kuchokera kumapeto, kuti ngati pangakhale chodulidwa chisakhale chimenecho.

Khamu linapatsidwa mukhda yokha. Kupatula nkhani ya mawu osadziwika, antara nthawi zambiri imakwera ku mawu a pamwamba, kumene munthu wosaphunzira kuimba safikako. Pa zojambula za usiku woyamba zinamveka bwino: woimba akapereka antara, mawu a anthu ankachepa kwambiri pa mzere wachiwiri, amuna akutsikira pansi, akazi ambiri akungosiya. Tinapemphanso oimba kuti ulendo woyamba aziimba mukhda monga ilili mu filimu, popanda meend ndi murki, kutsetsereka ndi tokometsera ta pakhosi timene amaonjezera pasiteji. Anthu amadziwa nyimbo ya pa wailesi. Woimba akaisintha pamene akuwaitana, amawasiya panjira.

Nyimbo imodzi ya woimba wamkazi inali yokwera ngakhale pa mukhda yomwe, ndiye inatsitsidwa kuchoka pa D kufika pa C. Wosadziwa zida zimenezi angaone ngati ndi batani limodzi pa kiyibodi. Ng'oma yaing'ono ya tabla imachunidwa ndi kanyundo kuti igwirizane ndi Sa, ndipo sungaisinthe m'masekondi ochepa a pakati pa nyimbo, choncho panafunika ina yochuniratu pa C, yoikidwa pambali. Woimba bansuri anafunika chitoliro china. Mawu a pa laputopu anafunika kutulutsidwanso mu kiyi yatsopano. Chinyezi cha mphepo ya kunyanja chimafewetsa chikopa cha tabla kukada, mawu ake n'kutsika, ndiye yodikirayo inakhala yovundikira ndi nsalu ndipo inachunidwanso pa nthawi yopuma. Ntchito yonseyi ndi chifukwa chake tinatsitsa nyimbo imodzi yokha.

Pa masikirini, usiku woyamba mawu ankasintha mtundu liwu ndi liwu motsatira woimba. Kuwala kumafika bwalo lonse nthawi imodzi pamene mawu amafika mosiyana, ndiye kusintha koteroko kumakhala kolondola pa mtunda umodzi wokha. Zithunzi zathu zinkachedwa m'makina ndi mafulemu atatu kapena anayi, a mamilisekondi 40 iliyonse, moti zinkagwirizana ndi khutu la oima pa mamita 40 mpaka 55. Akutsogolo ankaona mochedwa, akumbuyo ankaona mofulumira. Tinachotsa zimenezo. Mzere wathunthu unkaoneka kugunda kuwiri usanafike n'kukhala pomwepo mpaka utatha. Tinaika mizere iwiri yokha, wa pamwamba mu zilembo za Devanagari, wa pansi mu zilembo za Chilatini, chifukwa mu Mumbai muli olankhula Chigujarati, Chitamil ndi zinenero zina amene nyimbo za Chihindi amazidziwa pamtima koma amawerenga msanga mu Chilatini. Kukula kwa zilembo tinakupeza poimika munthu pa mpanda wakumbuyo ndi wailesi ya m'manja, n'kumakuza mpaka atawerenga osatsinzina. Zinafika pafupifupi masentimita 40.

Usiku wachiwiri

Kuimba koyamba kwa khamu kunabwera pa nyimbo yachinayi yomwe ija. Woimba anaimba mukhda kamodzi yekha, molunjika, n'kutambasula dzanja pa sam. Dholak inapitiriza. Pa zojambula, dha ya tabla inakhala pa kiliki maulendo onse atatu, ndipo mavayolini analowa pamalo pake. Pasiteji khamu linkamvekabe mochedwa, chifukwa mamita 110 sanasinthe, koma palibe amene analitsatira. Woimba wamwamuna anavula kahedifoni kamodzi pa nyimbo yachisanu ndi chiwiri kuti amve anthu ndi khutu lake, ndipo nthawi yomweyo anayamba kukoka. Wa dholak anamenya sam ziwiri zotsatira molemera, woimbayo anamva n'kubwerera. Chimene chinapulumutsa nyimboyo ndi mgwirizano wa m'mawa uja, osati chida chilichonse.

Mita ya pa mpanda inakhudza 75 kangapo pamene khamu linali pachimake, koma sinakhalitse pamwamba pake. Anthu anaimbanso okha pa nyimbo zina zimene sitinakonze, monga tinkayembekezera, ndipo gulu linangopitiriza osaima kuwadikira. Konsati inatha kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti ikwane 10 koloko, nyimbo zonse zitaimbidwa.

Chimodzi sichinatheke. Imodzi mwa nyimbo za qawwali inali mu dadra, tala ya matra zisanu ndi imodzi, ndipo monga mwa mwambo wake imafulumira pamene ikupita kumapeto. Inalibe kiliki, chifukwa kufulumirako ndiye moyo wake. Liwiro litakwera, matra imodzi inafupika kufika cha m'ma mamilisekondi 150, ndipo kuomba m'manja kochokera m'zigawo zosiyana za bwalo kunadzaza mpata uliwonse pakati pa kugunda, n'kumveka pasiteji ngati mvula padenga la malata. Oomba m'manja a m'gulu, amene amakhala kumbuyo kwa woimba wamkulu, anasiya kumvana. Wa tabla anaigwira nyimboyo ndi mphamvu zake mpaka kumapeto, koma sinafike pa liwiro limene ankafuna. Msiri wa mamonita anatsitsa maikolofoni a khamu mpaka pansi, komabe kuomba m'manja kwa anthu masauzande kumalowa m'maikolofoni iliyonse yotsegula pasiteji, ndipo ya tabla ndi ya harmonium zinali zotsegula kwambiri.

Pa ulendo wotsatira gululi linagwirizana zoyesa njira ziwiri pa nyimbo imeneyi. Yoyamba ndi yoti woimba aziitana khamu kuomba m'manja pa chigawo choyamba chokha, liwiro lidakali pansi, kenako n'kuwasinthira ku kuyankha ndi pakamwa pa liwu lalitali la pamapeto a mzere, chifukwa liwu lokoka limabisa kuchedwa kumene kuomba m'manja kumaonetsa poyera. Yachiwiri ndi yoika oomba m'manja a m'gulu m'makutu mwa anzawo onse, ndi maikolofoni yawoyawo yoyandikira kwambiri, komanso kusintha maikolofoni ya tabla kukhala yomangirira pa ng'oma yeniyeniyo. Ojambula nawo anatsala ndi ntchito yawo: maikolofoni a pamiksa anayenera kukokedwa kutsogolo ndi mamilisekondi 115 asanasakanizidwe ndi mawu a pasiteji, ndipo ngakhale atatero, mawu a anthu a kumbuyo kwa nsanja anakhalabe akutsalira pang'ono pa mzere uliwonse.